Bwenzi la Loweruka lidziwika Lolemba

Lamulungu madzulo, m'midzi ya ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mafoni amalira. Ndi ana amene ali ku Joni. Pena amalankhula, pena amangotumiza zithunzi pa WhatsApp: mnyamata wavala malaya atsopano, waima ndi anzake m'mphepete mwa nyanja ku Durban, kapena akuotcha nyama kuseri kwa nyumba ina mu Johannesburg. Foni imayenda dzanja ndi dzanja pakhonde, ndipo isanafike kwa agogo, wina amakhala atanena kale mawu amene tsopano azolowereka: mwana uyu akudya ndalama ndi anzake pamene kuno feteleza wa mbatata sanagulidwe.

Dandaulo limeneli lili ndi kumene likuchokera. Banja limene lidagulitsa ng'ombe kapena fodya wa chaka chonse kuti mwana apeze pasipoti ndi ndalama ya basi lili ndi ufulu wofunsa. Komabe makolo akamadzudzula ulendo uliwonse wa Loweruka ndi mnzake aliyense wa mwana wawo, akudula nthambi imene mwanayo wakhalapo. Munthu wokhala kunja alibe malume pafupi, alibe nkhoswe, alibe nyakwawa. Amene amalowa m'malo mwa onsewa ndi anzake, ndipo anzakewo amawapeza pa masiku awiri okha amene bwana samufuna. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti anzakewo ndi otani.

Nkhani imeneyi ndi yakale m'chigawo cha Tete. Mu 1913 boma la Apwitikizi lidapangana ndi la Southern Rhodesia kuti amuna a ku Tete azitengedwa kukagwira ntchito m'minda ya azungu ndi m'migodi ya kumeneko. Ena ankadutsa ku Nyasaland n'kukalembetsa ku Wenela ngati Anyasa kuti akafike ku migodi ya golide ku Joni. Amuna amenewa ankagona m'makomboni, kutali ndi akazi ndi ana, ndipo tsiku lawo linali Lamulungu. Pa tsikuli ankayenda mitunda italiitali kuchoka pa famu ina kupita pa ina kukaona anthu a kwawo, kumva za kumudzi, ndi kupatsira kalata kapena bulangeti kwa amene akubwerera. Gule Wamkulu adafika m'migodi ndi m'malokeshoni a Zimbabwe pa mapewa a anthu oterewa ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, monga momwe Achopi a ku Inhambane adatengera timbila zawo kukaziimba Lamulungu m'makomboni a ku Joni.

Pa misonkhano ya Lamulungu yomweyo ndi pamene padabadwa magulu a maliro. Chimfine cha 1918 chitapha anthu ambiri m'migodi ndi m'matauni, alendo adaona anzawo akukwiriridwa popanda wowalira, ndipo adayamba kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi, anthu a ku Tete paokha, a ku Sena paokha, kuti wakufa aikidwe mwaulemu ndi uthenga ufike kwawo. Amene ankaona kuti amunawo akungovina ndi kumwa sadadziwe kuti pomwepo pankamangidwa mudzi wachiwiri.

Anthu a m'malire safunikanso kuuzidwa za ulendo wa m'dziko la eni, poti ambiri adaulawa okha. Nkhondo itakula m'zaka za m'ma 1980, midzi yathunthu idawoloka msewu kulowa ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, ndipo pofika 1992 Malawi idali ikusunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Akuluakulu amene alipo lero akukumbukira kuti amene adali ndi mnzake kutsidya, wodziwana naye pa msika wa Lizulu kapena kutchalitchi, adapatsidwa pogona ndi kachigawo ka munda, pamene wosadziwika adayamba ndi kugona pansi pa mtengo. Mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ndipo anthu adabwerera, koma maubwenzi a zaka zimenezo akuyenderanabe pa maliro ndi pa maukwati mpaka pano.

Mwana wa lero amakwera basi kudutsa mu mzinda wa Tete, kuwoloka ku Cuchamano kulowa Nyamapanda, kudzera ku Harare mpaka Beitbridge, n'kukatsikira pa Park Station patapita pafupifupi masiku awiri. Kuyambira 2005 nzika ya Mozambique yokhala ndi pasipoti imalowa mu South Africa popanda viza, koma masiku ake ndi 30 okha, ndipo masikuwo ndi ochezera, sapereka chilolezo cha ntchito. Kuchokera mu 2014, wopitirira masiku ake akamatuluka amalembedwa kuti ndi wosafunika, ndipo akhoza kuletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Ambiri amagwira maganyu a zomangamanga, a m'dimba la bwana, a m'sitolo kapena pa famu, n'kumagona anayi m'kachipinda kamodzi. Amene amauza mnyamata wotere kumene kukufunika munthu Lolemba, amene amam'bwereka ya lendi mwezi ukavuta, amene amam'perekeza kuchipatala n'kumutanthauzira Chizulu, ndi yemwe uja ali naye pa chithunzi.

Mu Meyi 2008 chipwirikiti chothamangitsa alendo chidayambira ku Alexandra n'kufalikira m'malokeshoni ena, ndipo anthu 62 adaphedwa. Anthu a ku Mozambique zikwizikwi adathawira kwawo, ena ndi zovala za m'thupi zokha. Mu Epulo 2015 zidabukanso ku Durban ndi ku Johannesburg. M'masiku amenewo ambiri adapulumukira m'matchalitchi, m'mapolisi ndi m'nyumba za anansi awo a ku South Africa komweko amene adawabisa kapena kuwasungira katundu. Apa pali phunziro kwa achinyamata amene amangodziunjika okhaokha a mudzi umodzi. Kukhala ndi anthu a kwanu n'kwabwino, koma amene waphunzira chilankhulo cha eni dziko, amene amapemphera nawo ndi kupita ku maliro awo, ali ndi khomo lina logogoda moto ukabuka.

Izi sizikutanthauza kuti makolo odandaula aja alakwitsa zonse. Akale adati chibwenzi cha nkhwangwa chikoma pokwera, ndipo ku Joni nkhwangwa zotayidwa pansi ndi zambiri. Alipo anzake a kumapeto kwa mwezi, amene amatulukira Lachisanu la malipiro n'kusowa ndalama zikatha. Alipo amene amakokera mnzawo pa ulendo wautali wa Loweruka akudziwa kuti masiku a pasipoti yake adatha, ndipo apolisi akaimitsa galimoto pamsewu, iwo amapitirira, iye n'kukathera ku Lindela, malo a ku Krugersdorp kumene amasungirako alendo oyembekezera kubwezedwa kwawo. Alipo amene amaphunzitsa mnzawo wokwatira kuti kunja kulibe wom'ona, ndipo matenda amene amatengedwa kumeneko amadzafika pa mphasa ya mkazi wosalakwa kumudzi.

Choopsa kuposa zonsezi ndi bwenzi lobwera ndi ntchito ya ndalama zamsangamsanga. Mu Januwale 2025, mitembo 78 idatulutsidwa mu mgodi wakale wa golide ku Stilfontein, kumene anthu ankakumba popanda chilolezo ndipo apolisi adatseka njira zolowetsera chakudya. Mwa amene adatuluka amoyo n'kumangidwa m'miyezi imeneyo, ochuluka kwambiri adali a ku Mozambique, ndipo ena adafotokoza kuti adapita kumeneko atalonjezedwa ntchito ina, n'kuzindikira ali kale pansi pa nthaka. Munthu sakopeka ndi mlendo wosam'dziwa. Amakopeka ndi wolankhula chilankhulo chake, amene adadya naye nyama Loweruka.

Choyesera bwenzi n'chosavuta, ndipo kholo lililonse lingathe kuchigwiritsa ntchito pa foni. Kodi anzake a mwanayo amagwira ntchito yotchulika dzina? Kodi ali pa gulu la maliro, kapena pa chipereganyu chimene ena amati xitique, choti mwezi uno alandire uyu, mwezi wamawa uyo? Kodi mwanayo atadwala, ndani adagona naye kuchipatala? Kodi alipo mwa iwo amene amam'kumbutsa kutumiza ya feteleza mvula isanagwe? Gulu limene limasonkha ya nyama yootcha koma silingasonkhe ya bokosi la maliro ndi gulu la Loweruka lokha. Kubweretsa mtembo kuchokera ku Joni mpaka ku Ulónguè ndi ndalama imene banja la mlimi silingaipeze pa sabata imodzi, ndipo mabanja amene adaika mwana wawo kwawo amadziwa kuti adatheka chifukwa cha anzake.

Choncho wopita kunja asanyamuke, kapena asathe mwezi atafika, asanasiye kumudzi maina ndi manambala a anzake awiri odalirika ndiponso dzina la malo amene akugona ndi kugwira ntchito. Asunge pasipoti ndi bilhete yake iye mwini, asazipereke kwa bwana kapena kwa wom'pezera ntchito. Adziwe kumene kuli ofesi ya kazembe wa Mozambique mu Johannesburg tsoka lisanam'gwere, poti chakudza sichiimba ng'oma. Ulendo wokaona nyanja kapena wokachezera mnzake ku Pretoria aupange mapepala ali bwino ndiponso ya kumudzi itatumizidwa kale. Akatero, palibe amene angam'werengere nyama imene wadya.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Mwana amene foni iliyonse yochokera kumudzi imangom'funsa ndalama amayamba kuiopa foniyo. Mwezi umene ganyu yasowa sayankha chifukwa cha manyazi, mwezi wotsatira sayankha chifukwa cha manyazi a mwezi wapitawo, ndipo umu ndi momwe matchona ambiri adayambira, kale ndi lero. Kum'funsa za thanzi lake, kum'uza za mvula ndi za amene wabadwa, kupempha kupatsa moni anzake amene akukhala naye, zimam'sunga pafupi kuposa kum'kalipira. Mayi amene amadziwana mawu ndi mnzake wa mwana wake ali ndi wom'funsa tsiku limene foni ya mwanayo idzazima.

M'maboma a m'malire momwemuno mulinso ana a eni: ogulitsa malonda ochokera ku Malawi, aganyu a m'minda ya fodya ndi mbatata, amisiri ochokera kutali amene adabwera ndi migodi ya malasha ku Moatize. Nawonso Loweruka amafuna wocheza naye, nawonso ali ndi mayi amene akudikira foni. Mudzi umene umafuna kuti mwana wake akabisidwe ndi mnansi ku Alexandra uyambe wapatsa mpando mlendo amene ali pa msika wa Calómuè kapena wa Zóbuè. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo Lamulungu likudzali chithunzi chikafika, banja liyambe lafunsa maina a amene aima pambali pa mwana wawo, liwalembe penapake, kenaka lifunse za feteleza.