Cikwapu Sicimanga Ubongo

Mnyamata akatsomphola foni ku Chibolya, kapena akaswera mnzake botolo pamutu ku Kanyama, nyimbo ndi imodzi: "Majanki awa afunika cikwapu." Mu minibasi ndi yomweyo, pa wailesi ndi yomweyo. Ine ndakana. Bwanji palibe amene afunsa kuti mnyamatayu anali kudya ciani ali ndi zaka zitatu?

Musaseke, anzanga. Ubongo ndi 2 peresenti cabe ya kulemera kwa thupi, koma umatenga 20 peresenti ya mphamvu zonse. Mbali ya kuseri kwa cipumi ndiyo imagwira munthu dzanja akafuna kuponya kofi, ndipo siimaliza kukhwima mpaka atapitirira zaka 20. Kuti ubongo ukule bwino ufunika ayironi, zinki, ayodini ndi mafuta a m'nsomba. Ka pamela ka unga woyera ndi kabici wa madzimadzi kamodzi pa tsiku sizingakwanitse zimenezo.

Mu 2007, ana 45 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu muno m'Zambia anali opinimbira. Werengani zaka. Ana aja ndife, ndiponso ndi anyamata amene muwaona pa steshoni.

Ku Mauritius anatsatira ana kuyambira ali ang'ono. Amene anali ndi zizindikiro za kusowa zakudya ali ndi zaka 3 ndiwo anapezeka aukali ndi ovuta kuposa anzawo pa zaka 8, 11 ndi 17. Ku England, m'ndende ya acinyamata ya Aylesbury, Bernard Gesch anagawa akaidi 231 pawiri: ena anali kumwa mavitamini, michere ndi mafuta ofunika, ena mapilisi opanda kanthu, osadziwa kuti ndani wamwa ciani. Zotsatira zinatuluka mu 2002: milandu ya m'ndende ya omwa zenizeni inacepa ndi 26 peresenti poyerekeza ndi ya anzawo. Palibe cikwapu cinagwira nchito pamenepo.

Ndamva kale mukuti, "Ifenso tinagona ndi njala koma sitinamenye munthu." Zoona. Amayi ambiri m'komboni amagona pa tiyi wopanda shuga osakhudza munthu. Wobaya mnzake ayankhe mlandu, ndipo kacasu, ulova ndi nkhanza za pakhomo zili ndi mbali yake. Koma pa zonsezi, njala ya mwana ndiyo yosavuta kuithetsa, ndipo ndiyo sitifuna kuikamba. Kapenta, nyemba, nshawa zosinja mu cibwabwa, dzira limodzi: si zakudya za ku Kabulonga izi.

Boma linacotsa mafizi mu 2022, makalasi anadzaza. Cabwino. Koma mwana wa giredi 3 wolowa m'kalasi m'mimba mulibe kanthu adzamva ciani, kupatula mkwiyo mnzake akamuponda phazi?

Akhansala akabwera kudzatiuza za ndalama za CDF ndi polisi posti yatsopano, tiwaombere m'manja. Akamaliza, mmodzi wa ife aimirire awafunse kuti mphika wa nyemba pa sukulu yathu uyamba kuwira tsiku liti.