Dongosolo la mphamvu la mzinda wa Tete liyambire pa mbaula

Chigawo cha Tete chimapanga magetsi ochuluka kuposa chigawo china chilichonse mu Mozambique muno. Damu la Cahora Bassa, limene lili ku Songo pa mtsinje wa Zambezi, limatha kupanga mamegawati 2,075. Megawati ndi muyeso wa mphamvu ya magetsi, monga mmene kilo ilili muyeso wa ufa. Gawo lalikulu la magetsi amenewa limagulitsidwa ku South Africa. Kuyambira mu 2007, damu limeneli lili m'manja mwa dziko lathu, litachoka m'manja mwa Portugal.

Komabe mu mzinda wa Tete, m'mabairo monga Matundo, Chingodzi ndi Degue, mabanja ambiri amaphikira makala kapena nkhuni. Ngakhale m'nyumba zimene muli mita ya Credelec, magetsi ndi owunikira, otchajira foni ndi oyendetsera fani. Poto amakhala panja, pa mbaula.

Masiku ano mawu akuti "transição energética" akumveka kawirikawiri pa wailesi. Tanthauzo lake si lovuta. Ndiko kusiya pang'onopang'ono moto umene umatha ndi kuononga, monga makala, malasha ndi dizilo, n'kuyamba kudalira mphamvu zimene sizitha, monga madzi, dzuwa ndi mphepo. Mu 2018 boma linakhazikitsa pulogalamu ya Energia para Todos, n'cholinga choti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. Mu 2023 linavomereza dongosolo la dziko lonse la kusintha kumeneku. Palinso mapulani omanga damu lina ku Mphanda Nkuwa, kumunsi kwa Cahora Bassa, lopanga mamegawati 1,500.

Zimenezi ndi ntchito za dziko lonse. Mzinda nawo uyenera kukhala ndi dongosolo lakelake, lolembedwa, limene munthu aliyense angathe kulimva. Ine ndikuti dongosolo limeneli liyambire pa mbaula, chifukwa m'nyumba zathu moto wambiri umathera pa kuphika. Ngati mayi wa ku Matundo adzakhale akutsamwabe ndi utsi mu 2030, ndiye kuti kwa iye palibe chimene chasintha.

Tiyambe ndi ndalama. Amene ali ndi ndalama amagula thumba lathunthu la makala. Amene alibe amagula a pa mulu, tsiku ndi tsiku. Mukawerengera pa mwezi, wogula pa mulu ndi amene amalipira zambiri. Choncho moto wodula kwambiri uli m'nyumba ya wosauka. Nyengo ya mvula ikafika, makala amavuta kuwotcha ndi kunyamula, ndipo mtengo wake umakwera.

Kenako pali umoyo. Utsi wa nkhuni ndi makala umabweretsa chifuwa, umawawitsa maso, ndipo umachititsa chibayo mwa ana aang'ono. Mwana amene ali kumbuyo amapuma utsi womwewo umene mayi ake akupuma. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la OMS, likuti utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni chaka chilichonse pa dziko lapansi. Mbaula yoyaka m'chipinda chotseka imatulutsanso mpweya woipa umene suoneka ndipo sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo.

Palinso mitengo. Kuti apeze kilo imodzi ya makala m'ng'anjo yadothi, wowotcha amadula makilo 5 mpaka 10 a mitengo. Makala amene anthu amawakonda ndi a tsanya, chifukwa moto wake umakhalitsa. Koma tsanya amachedwa kukula. Mitengo ya pafupi ikatha, owotcha amapita kutali, ndipo mtunda umenewo timaulipira ndife pogula. Pamalo pamene padulidwa, madzi a mvula amakokolola nthaka. Mzinda ukudya nkhalango za m'maboma oyandikana nawo, ndipo alimi a kumeneko ndi amene amayamba kulira.

Ena anena kuti: "Magetsi ndi odula, ndipo amazimazima. Tingaphikire bwanji?" Funso limeneli ndi loona, ndipo dongosolo labwino liyenera kuliyankha. Mbaula yamagetsi yakale ija imadyadi Credelec. Koma pali miphika yamagetsi yotseka kwambiri, imene pa Chipwitikizi amati "panela de pressão". Mphika wotere susowetsa nthunzi, choncho nyemba zimene zimatha maola angapo pa makala zimapsa msanga, ndi magetsi ochepa. Vuto lake ndi mtengo wogulira. Banja limene limapeza ndalama ya tsiku limodzi silingaugule kamodzin'kamodzi. Apa ndiye pofunika dongosolo. Makampani ena ogulitsa masola amalola kale anthu kulipira pang'onopang'ono kudzera pa foni. Njira yomweyo ingathe kugwira ntchito pa miphika, pa mabotija a gasi ndi pa mbaula zamakono zimene zimasunga kutentha ndi kudya makala ochepa. Si onse adzasiye makala tsiku limodzi. Koma nyumba iliyonse ikhoza kuchepetsa.

Ndipo ngati bairo lonse layamba kuphikira magetsi nthawi imodzi, mawaya ndi matiransifoma akale sangapirire. Khonsolo ya mzinda ndi kampani ya magetsi ya EDM ayenera kukhala pansi pamodzi, kuona bairo ndi bairo kumene kukufunika kulimbitsa. Nyumba zatsopano zikumangidwa tsiku ndi tsiku kumapeto kwa mzinda. Ndi bwino kusiyiratu malo a misewu ndi mapolo anthu asanamange, kusiyana ndi kudzagwetsa mipanda pambuyo pake.

Sitingadalirenso madzi okha. Mu 2024, chifukwa cha chilala, madzi anatsika kwambiri ku Kariba ndi ku Cahora Bassa. Anzathu a ku Zambia ankakhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi. Mtsinje wake ndi womwewu wa Zambezi. Mwayi wathu ndi wakuti dzuwa tili nalo lokwanira. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Tete kumapitirira madigiri 40. M'dziko muno muli kale malo opangira magetsi a dzuwa. Ku Mocuba, m'chigawo cha Zambézia, anatsegula malo a mamegawati 40 mu 2019. Ku Cuamba, m'chigawo cha Niassa, anatsegula ena mu 2023, okhala ndi mabatire osungira magetsi. Mzinda ungathe kuyamba ndi zimene zili m'manja mwake: masola pa madenga a misika ndi a maofesi ake, nyali za dzuwa m'misewu ya m'mabairo, ndiponso mapampu a madzi oyendera dzuwa. Dzuwa limaomba kwambiri masana, nthawi yomwe m'misika akuphika chakudya chogulitsa.

Funso lina ndi lolemera kwambiri: nanga owotcha makala adya chiyani? Kumudzi, chaka chimene chimanga chakanika, makala ndi amene amagula ufa, makope a ana ndi mankhwala. Mu mzinda, amayi ambiri amalera ana ndi phindu la milu ya makala. Kungoletsa sikuthandiza. Kulanda thumba la munthu wa pa njinga kumangokweza mtengo, ndipo malonda amapitirira usiku. Anthu amenewa ayenera kukhala nawo pa msonkhano wokonza dongosolo. Amadziwa kumene mitengo yatha ndi kumene yatsala kuposa munthu wa mu ofesi. Angathe kuthandizidwa kupanga magulu, kupeza ziphaso, kugwiritsa ntchito ng'anjo zotulutsa makala ambiri pa mitengo yochepa, ndi kusamala zitsa kuti ziphukenso. Achinyamata awo angathe kuphunzira kuumba mbaula zamakono, kuika masola ndi kukonza miphika yamagetsi. Walira mvula walira matope: kusintha kuli ndi mtengo wake, ndipo si chilungamo kuti mtengo wonsewo ugwere wosauka.

Tsono dongosolo lenileni timalidziwa bwanji? Limayamba ndi kuwerenga: ndi nyumba zingati m'bairo lililonse zimene zimaphikira nkhuni, makala, gasi kapena magetsi? Limanena chimene chidzachitike chaka chino ndi chimene chidzachitike chaka chamawa. Limatchula ndalama zake ndi kumene zidzachokere. Limatchulanso ofesi imene idzayankhe ngati ntchito yaima. Pepala lopanda zinthu zimenezi ndi lonjezo chabe. Liyeneranso kufotokozedwa m'zilankhulo zimene anthu amalankhula, Chinyungwe ndi Chichewa, pa wailesi ndi pa misonkhano ya m'mabairo, osati m'Chipwitikizi chokha.

Inu amene mukuwerenga tsamba lino muli ndi mbali yanu. Tengani kope. Kwa mwezi umodzi, lembani tsiku lililonse ndalama zimene mwagulira makala, nkhuni, makandulo ndi Credelec. Pakutha pa mwezi, phatikizani. Yerekezani ndi za anzanu a m'kalasi kapena a pa mpingo. Anthu khumi akabweretsa makope khumi kwa mlembi wa bairo, nkhani yawo imalemera kuposa dandaulo la pakamwa. Manambala amenewo ndi amene okonza mapulani amawasowa.

Kumbukiraninso kuti mtsogoleri wa khonsolo ndi mamembala a Assembleia Municipal amakhala pa mipando chifukwa cha mavoti athu. Misonkhano ya Assembleia ndi yapoyera, ndipo nzika ikhoza kupita kukamvera. Akabwera ku bairo kwanu, afunseni mwaulemu koma momveka: "Kodi mzinda uli ndi dongosolo lotani lochepetsa makala? Liyamba liti kuno kwathu? Nanga ogulitsa makala mwawakonzera chiyani?" Amayi, musasiyire abambo okha mafunso amenewa. Amene amakoleza moto m'mawa uliwonse ndiye amadziwa mtengo wake.

Chisankho cha makhonsolo chinachitika mu 2023, ndipo china chikubwera mu 2028. Pakati pa zaka zimenezi pali nthawi yokwanira yoti mzinda ulembe dongosolo, uyambe ndi mabairo awiri kapena atatu, ndi kutionetsa zotsatira zake. Amene adzabwere kudzapempha voti adzatiuze nyumba zimene zasiya kuphikira mu utsi, ndipo ife tidzayang'ane m'makope athu ngati zili zoona.