Ukamuikira munthu Linux, usamusiye yekha ndi sikirini yakuda

Pa Sande lina m'mawa ndili ku hositelo foni inalira. Anali atsibweni anga a ku Nsaru, omwe ndi mlembi wa mpingo wa kwathu. Moni wake unali wachidule.

"Iwe mphwanga, chinthu chija unachichita chiyani? Chikungoonetsa mdima ndi timawu tachizungu. Mayina onse a mpingo ali momwemo."

Ndinawapempha kuti andiwerengere timawuto. Anatchula chilembo chimodzichimodzi mpaka ndinamva kuti ndi "No bootable device".

Masiku anayi m'mbuyomo, tchuthi chili kumapeto, ndinali nditachotsa Windows pa laputopu yawo yakale n'kuikamo Linux. Inkachedwa kwambiri moti ukaiyatsa unkatha kukatunga madzi n'kuipeza isanadzuke. Nditamaliza inkathamanga ngati yatsopano. Ndinabwezeramo mafayilo awo: kaundula wa mamembala, mayina a obatizidwa, makalata a osamuka, malipoti a kota. Lachinayi ndinakwera minibasi ndikudzitama mumtima. Nditafika kuno, fulashi yomwe ndinasungirapo mafayilowo ndinaifufuta kuti ndiikepo ntchito zanga za m'kalasi. Ndiye kuti zolemba zonse za mpingo zinatsala malo amodzi okha, m'laputopu yokana kudzukayo.

Asanandiimbire, atsibweni anali atapita nayo kale pamsika kwa mnyamata wokonza mafoni. Iye anati hadi disiki yasokonekera, mankhwala ake n'kufomata ndi kubwezeramo Windows. Akanavomera, ntchito ya zaka zambiri ikanatha m'mphindi zochepa. Chinawagwira dzanja n'chakuti ankafuna ayambe andikalipira kaye.

Maganizo anga ndi awa: Linux ndi njira yabwino yotalikitsira moyo wa malaputopu akale omwe ali m'mipingo ndi m'makomo mwathu, koma woikayo amatenga ngongole. Ntchito yake sithera pamene sikirini yawala. Imatha pamene mwini laputopu wadziwa chochita tsiku lomwe sikiriniyo yada.

Laputopu ikayatsidwa, choyamba kudzuka si Windows kapena Linux ayi. Ndi kapulogalamu kokhala m'bolodi momwemo, kotchedwa BIOS, kapena UEFI pa makina atsopanoko. Ntchito yake n'kufufuza pa disiki kapulogalamu kena kodzutsa zonse, komwe pa Linux nthawi zambiri ndi GRUB. Zili ngati dikoni wotsegula tchalitchi. Akabwera ndi kiyi wolakwika, anthu amaima panja, koma mabenchi, guwa ndi mabuku zili m'kati bwinobwino. Mawu aja a "No bootable device" nthawi zambiri amangonena za kiyi, osati kuti nyumba yapsa.

Malaputopu ambiri opangidwa kuyambira cha m'ma 2012 amadziwa njira ziwiri zodzukira: yakale yotchedwa Legacy ndi yatsopano ya UEFI. Ukaika Linux pa njira imodzi, makina n'kumaifufuza pa njira inayo, saipeza. Ine, fulashi yanga itakana kudzuka, ndinalowa mu BIOS n'kusankha Legacy, ndipo Linux inalowa motero. Chomwe sindinalabadire ndi kabatire kakang'ono kooneka ngati ndalama yachitsulo, kamtundu wa CR2032, komwe kamasunga nthawi ndi zosankha za BIOS. Kanali katatha mphamvu. Batire lalikulu nalo linafa kalekale, laputopu inkagwira ntchito pokhapokha ili pa sola. Lachisanu dzuwa lisanalowe atsibweni anaizula n'kuiika m'kabati kuti alandire Sabata. Pofika pa Sande inali itaiwala zomwe ndinasankha, n'kubwerera ku UEFI.

Chizindikiro chinalipo. Nthawi iliyonse ndikaiyatsa inkaonetsa tsiku ndi chaka cholakwika. Ndinkangokonza n'kupitiriza. Kuthamanga si kufika.

Kukonza kwake kunatitengera nthawi yochepa kuposa yomwe anandikalipira. Pa foni pomwepo ndinawauza batani loti azidina laputopu ikangoyaka, malo osankhira Legacy, ndi batani losungira. Itadzuka sanandithokoze. Anangoti, "Ukanandilembera zimenezi papepala, ndikanavutikiranji ndi kabaza?" Ananena zoona.

Vuto la kabatire ndi limodzi mwa angapo. Pali Secure Boot, chitetezo chomwe chimakaniza makina kudzutsa pulogalamu yomwe sakuizindikira. Mitundu ikuluikulu ya Linux imadutsa, ina imafuna kuti chitetezocho chizimitsidwe. Pali mndandanda wa zodzutsa, pomwe makina amayamba kufufuza malo opanda kanthu. Pali mawu akuti "grub rescue", otanthauza kuti GRUB yadzuka koma yasowa komwe kuli mafayilo ake. Pali sikirini yongoda chizindikiro cha Linux chitaoneka kale, lomwe kawirikawiri ndi vuto la mbali yoonetsa zithunzi, ndipo mawu amodzi akuti nomodeset amatha kukulowetsa kuti ukonze. Malaputopu akale kwambiri, a purosesa ya 32-bit, amakaniratu mitundu yatsopano: Linux Mint, mwachitsanzo, kuyambira mtundu wa 20 womwe unatuluka mu 2020 ndi ya 64-bit yokha. Pa zonsezi mafayilo amakhala alipo, ndipo fulashi yomweyo yoikira Linux imatha kudzutsa makina n'kuwakopera kwina. Zoopsa zenizeni ndi ziwiri: disiki yomwe ikufadi, ndi magetsi kuthima uli pakati poika, zomwe kwathu si zachilendo.

Wina afunsa kuti, ngati mavuto ndi ochuluka chonchi, tivutikiranji? Yankho lili pa kalendala. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zomwe malaputopu ambiri ogulidwa atagwira kale ntchito alibe. Mlembi wa mpingo wa ku Kabudula kapena mphunzitsi wa ku Mpingu watsala ndi njira zinayi: kugula ina, kupitiriza ndi Windows yosatetezedwa, kuikitsa Windows yakuba pamsika, kapena kuyesa Linux. Yoyamba ndi ya anthu ochepa. Yachitatu timaichita mosaganiza n'komwe, koma n'zovuta kufotokoza chifukwa chomwe malipoti a chakhumi angalembedwere pa pulogalamu yobedwa. Timaphunzitsana za ukapitawo chaka ndi chaka. Kutaya makina omwe akanagwira ntchito zaka zina zingapo, chifukwa cha kabatire kamodzi, si ukapitawo.

Linux ndi yaulere mwalamulo. Anaiyamba mu 1991 ndi Linus Torvalds, ali wophunzira ngati ife pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, ndipo anthu a m'mayiko ambiri akhala akuiwonjezera. Mtundu wake wotchuka wa Ubuntu unayamba mu 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi lomwe ife timati umunthu. Chinthu chomwe chinatifikira chifukwa anthu anagawana nzeru sitingachipereke kwa ena popanda nzeruzo.

Anzanga ena amatsutsa. Amati ku Nambuma kapena ku Namitete, Windows ikavuta upeza woithandiza pamsika uliwonse, ngakhale woika nyimbo m'mafoni, pomwe Linux ikavuta mwini wake amasowa kolowera. Izi n'zoona, ndipo nkhani ya atsibweni ikuchitira umboni. Amatinso makalata olembedwa mu Word nthawi zina amasintha maonekedwe akatsegulidwa mu LibreOffice, komanso kuti mapulinta ena amavuta. Izinso n'zoona. Pali makina omwe sitiyenera kuwakhudza n'komwe: ngati munthu amadalira pulogalamu yomwe imayenda pa Windows yokha, kumuikira Linux n'kumulanda khasu m'nyengo yolima. Koma kusowa kwa odziwa si chifukwa chosiyira. Ndi chifukwa chophunzitsira. Mnyamata wa pamsika uja sanali wachinyengo. Ananena zomwe amadziwa. Ndikanakhala naye ola limodzi tchuthi chisanathe, bwenzi lero ku Nsaru kuli munthu wodziwa kusiyana kwa Legacy ndi UEFI.

Choncho kwa anzanga omwe mukupita ku tchuthi ndi fulashi m'thumba, ndikupempha zinthu zochepa. Musanafufute chilichonse, koperani mafayilo malo awiri, ndipo amodzi atsale ndi mwini wake. Yambani mwayendetsa Linux kuchokera pa fulashi osaiika, muone ngati sikirini, mawu, intaneti ndi pulinta zikugwira. Yang'anani tsiku lomwe makina akuonetsa. Likakhala lolakwika, sinthani kabatire kaye. Musayambe kuika ngati simukukhulupirira kuti magetsi akufikitsani kumapeto. Mukamaliza, zimitsani, zulani, dikirani mpaka mawa, muyatsenso mwini wake akuona. Lembani papepala zomwe mwasintha mu BIOS ndi batani lolowera, mumate pansi pa laputopu. Fulashi yoikira muisiye komweko. Ndipo muphunzitse munthu mmodzi wokhala pafupi.

Kwa akulu a mipingo, pempho langa ndi lakuti kaundula asamakhale malo amodzi. Buku la pepala lisatayidwe chifukwa kwabwera kompyuta, ndipo kumapeto kwa kota iliyonse mafayilo azikoperedwa pa fulashi yosungidwa ndi munthu wina. Wophunzira akabwera n'kunena kuti akukonzereni makina, mufunseni funso limodzi: ikakana kuyaka iwe utapita, tidzatani? Akasowa yankho, muuzeni adikire.

Tchuthi chotsatira ndinapita ndi kabatire katsopano. Atsibweni anaima pambali panga mpaka ndinamanga sikuluwu yomaliza, kenaka anatulutsa kope ndi cholembera n'kunena kuti ndiyambe kufotokoza kuchokera pachiyambi, pang'onopang'ono. Kopelo limakhala m'chikwama chimodzi ndi kaundula wa mpingo.