Za Umoyo Wathu: Nyali Zotentha ndi Zitsamba Zochepetsa Thupi

Mwezi uno tikambirane za njira imene amalonda akutsatsa m'mizinda ya m'maiko ambiri. Iwo akuti munthu wonenepa kwambiri akagona pansi pa nyali zotentha, namwanso mankhwala a zitsamba, mafuta a m'thupi mwake adzasungunuka. Kodi nzoona?

Tiyambe ndi nyalizo. Kuŵala kwake, kotchedwa infrared, kumatenthetsa khungu kotero kuti munthu atuluka thukuta lambiri. Akakwera pa sikelo apezadi kuti wapepukako, koma chimene chachoka ndi madzi. Lita imodzi ya thukuta ilemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo akangomwa madzi kulemera kuja kubwerera. Mafuta a m'thupi sasungunuka monga achitira mafuta a nkhumba pa chiwaya. Amachepa pamene thupi ligwiritsa ntchito mphamvu yoposa imene lalandira m'chakudya. Komanso kwa wodwala mtima kutenthako kungadzetse chizungulire ngakhale kukomoka.

Nanga zitsamba? Ambiri amaganiza kuti chomera m'tchire sichingapweteke munthu, koma sizitero. Mu 1993 madokotala a ku Brussels, m'dziko la Belgium, anaulula kuti impso za amayi ena zinaonongeka atamwa mibulu yochepetsa thupi, momwe munaloŵa molakwika chitsamba chotchedwa Aristolochia. Odwalawo anadzapitirira 100, ndipo ena anadzagwidwanso ndi khansa. Ku United States boma linaletsa mu 2004 mankhwala ochepetsa thupi opangidwa ndi chitsamba cha ephedra, popeza ena oŵamwa anafa ndi matenda a mtima. Tsono taganizani munthu amene wamwa mankhwala othamangitsa mtima, nakagonanso pa malo otentha!

Makolo, mwana wanu akamasekedwa ndi anzake chifukwa cha thupi lake, angathe kugula zotere mobisa. Khalani naye pansi mwachifatse, ndipo banja lonse lisinthire limodzi kadyedwe. Chepetsani shuga mu tiyi, zakumwa zotsekemera ndi mandasi. Mitanda ya nsima ichepe, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke. Yendani mwandawala mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa sabata. Pitaninso ku chipatala mukayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo musabise kwa dokotala mankhwala alionse amene mukumwa.

Thupi lonenepa m'zaka zambiri silingaphwe m'sabata imodzi. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tidzachezanso mwezi wamaŵa.