CHENJEZO: Tsitsani zithunzi za makolo pakhoma mvula isanafike

Kwa mabanja, mafumu ndi akulu a mipingo m'boma la Chiradzulu.

Chizimalupsa chili pafupi. Ngati m'nyumba mwanu, m'kalasi kapena m'tchalitchi muli chithunzi chakale cha mbusa, mfumu, mphunzitsi kapena msilikali, chitsitseni lero lomwe muyang'ane kuseri kwa felemu. Chiswe chimayambira kumeneko, galasi likuwalabe kutsogolo. Khoma likanyowa, pepala limamatirira kugalasi, ndipo mukati mumatule nkhope imatsalira pomwepo.

Musati n'zachabe. Boma la atsamunda litaphwasula tchalitchi cha PIM ku Mbombwe mu 1915, zotsala za John Chilembwe zinali zochepa, ndipo zina mwa izo ndi zithunzi. Nkhope yake ili pa K2000 ija tikuidziwa chifukwa wina anasunga pepala. Chithunzi cha 1914, chomwe Chilembwe anaima ndi mzungu John Chorley chipewa chili kumutu, nthawi yomwe munthu wakuda ankayenera kuchivula pamaso pa mzungu, ndicho Samson Kambalu anatengerapo chosema chomwe anachiimika pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Nanga zithunzi za anthu omwe anatumikira ndi Dr Daniel Malekebu atatsegulanso mishoni ya PIM mu 1926 zili kuti? Ndikukhulupirira kuti zina zili m'masutikesi kunsi kwa bedi, pamodzi ndi njenjete.

Kusunga zithunzi kwathandizanso kwina: ku Korea mabanja ankamangira kanyumba kakekake zithunzi za makolo awo ophunzira amene ankagwira ntchito m'boma lakale la Joseon. Chithunzi cha Yun Du-seo, chodzijambula yekha, lero ndi chuma cha dziko lonse chifukwa adzukulu ake ku Haenam sanachitaye.

Chithunzi chanucho musachimate selotepi. Musapite nacho kukachita lamineti, zomwe kutentha kwaononga sizibwereranso. Dzina, mudzi ndi chaka lembani kuseri ndi pensulo, osati bolopeni, ndipo afunseni agogo sabata ino akadali moyo, poti iwo akapita chithunzicho chisanduka cha munthu wosadziwika. Chijambuleni pafoni, chenichenicho muchikulunge m'pepala loyera, muchiike pamalo ouma, patali ndi denga lodontha.

Akabwera mlendo wofuna kugula chithunzicho, kapena woti angobwereka akakulitse ku Limbe, musamupatse. Ajambulire pomwepo inu mukuona. Akakakamira, dziwitsani amfumu kapena apolisi, ndipo malangizo funsani ku National Archives ku Zomba kapena kunyumba yosungira zinthu zakale ya ku Chichiri.