Kuloweza chiyambi cha chess: n'kofunika bwanji kwa mwana wa ku Kaseye?

Mu 2000 ku London, Garry Kasparov, yemwe anali katswiri wa dziko lonse lapansi kuyambira 1985, analandidwa ukatswiri ndi Vladimir Kramnik osapambana ngakhale gemu imodzi. Chomwe chinamumanga manja ndi chiyambi chotchedwa Berlin Defence. Pofika kusuntha kwachisanu ndi chitatu, mafumukazi onse awiri amakhala atadyana, mfumu yakuda yaima pa d8, singathenso kukabisala pangodya. Kasparov, munthu wokonda kuukira, anakumana nacho kanayi, ndipo kanayi konse anangofanana mphamvu.

Ndiye mphunzitsi amene wayala bolodi pamaso pa atsikana a pa sukulu ya Kaseye Girls ku Chitipa atengepo chiyani?

Ena amati ana aloweze ziyambi basi. Sakunama. Kramnik anabwera atakonzekera kale kunyumba ndi anzake omuthandiza. Mtsikana wochokera ku Chitipa akafika pampikisano ku Mzuzu, amakumana ndi ana amene amasewera pa intaneti pa Lichess tsiku ndi tsiku, odziwa misampha yambirimbiri. Kuyenda ulendo wonsewo, kutsika ku Karonga, kukwera Chiweta, kenako n'kugonja pa f7 utangosuntha katatu, zimawawa, ndipo mwana wina sabwereranso pabolodi.

Koma tayang'anitsitsani Berlin yomweyo. Mafumukazi akachoka, zoyera zili ndi maponi anayi mbali ya mfumu pomwe zakuda zili ndi atatu. Zakuda zili ndi maponi awiri osanjikizana pa c7 ndi c6, koma zasunga mabishopu onse awiri. Apa kuloweza kwatha ntchito. Wosadziwa kuyendetsa mfumu ndi maponi kumapeto a gemu sangapirire, ngakhale atasuntha kasanu ndi katatu konse ngati Kramnik. Kramnik sanasankhe Berlin chifukwa ndi yosavuta kukumbukira. Ankadziwa kuti m'mathero otere ndi mmene Kasparov sakanapeza pogwira. Komanso pamipikisano ya ana, mnzako amapatuka m'buku msanga, woloweza uja n'kungoti kakasi ngati woyimba amene kwaya yamusinthira nyimbo.

Ine ndili kumbali yachiwiriyi, ngakhale sinditaya yoyamba. Kumene mabuku a chess ndi osowa ndipo bandulo ya intaneti ndi yodula, nthawi yochepa yomwe ilipo isathere pa mayina a ziyambi. Aphunzitsi, mupatseni mwana chiyambi chimodzi cha zoyera ndi chimodzi cha zakuda, mumuuze chifukwa cha kusuntha kulikonse. Nthawi yotsalayo muikireni mfumu ndi poni imodzi pabolodi, mpaka adziwe kufikitsa poniyo kumzere womaliza.