Njinga ndi nyengo za m'chigwa cha Luangwa

Omvera athu a ku Mambwe, kuyambira ku Jumbe mpaka ku Masumba ndi ku Mfuwe, tikambirane za njinga. Ndiyo imafikitsa mwana kusukulu, thumba la chimanga kuchigayo ndi wodwala kuchipatala, koma ndi ochepa amene amadziwa ndalama zimene imawadyera pachaka.

Chigwa chathu chimaiyesa njinga nyengo iliyonse. Mu Januwale ndi Febuluwale, mukachoka pa tala wa ku Chipata, dothi la makande limamatirira kumatayala mpaka gudumu kukana kuzungulira, tcheni n'kuchita dzimbiri. Juni ndi Julayi ndi miyezi yokoma kupalasa ngakhale pongocheza, pamene njira zauma ndipo mphepo ikuzizira. Mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, minga yauma, ndipo chubu chimabooka kawirikawiri. Mango akamapsa, njovu zochokera ku paki ya nyama ya South Luangwa zimalowa m'midzi ya kwa Kakumbi ndi kwa Nsefu, choncho kupalasa mbandakucha kapena kukada kumaika moyo pachiswe.

Kuti mudziwe ndalama zimene njinga imadya, gulani kakope, muzilemba tsiku limene mwamata chubu, mwasintha mabuleki kapena mwagula sipoko, pamodzi ndi mtengo wake. Chaka chikatha mudzaona miyezi imene njinga imafuna ndalama zambiri, ndipo mudzapatula za matayala atsopano mukangogulitsa thonje.

Dzozani tcheni mafuta, ikani nyale ndi belu, ndipo mukaona ndowe zatsopano za njovu panjira, imani kaye. Yambani kulemba lero lomwe, abale anga.